ZIZINDIKIRO ZA NYAMAKAZI M'MWAZI

Nyamakazi ndi dzina limodzi, koma nthenda zodziwika ndi dzinali ziri zambiri. Ina imadza ndi ukalamba, mfundo za mafupa zitatha ndi nchito. Koma ina imagwira ngakhale anyamata ndi atsikana, ndipo gwero lace liri m'thupi momwemo. Asilikari a m'mwazi, amene nchito yao ndiyo kumenyana ndi tizirombo ta nthenda, amasokera nayamba kuukira mfundo za mwini wao. Mfundozo zimatupa, zimatentha, ndipo m'mawa zimauma kufikira dzuwa litakwera.

Mlenje amazindikira nyama poona mapazi ace. Comweconso madotolo amafunafuna mapazi a nthendazi m'mwazi wa wodwala. Zizindikiro zimene amazipeza ziri za mitundu iwiri: zina zimapangidwa ndi asilikari osokerawo, zina munthu amabadwa nazo, zotengera kwa atate ndi amai ace.

Coyamba kudziwika cinali ca mtundu woyambawo. M'caka ca 1940 Erik Waaler wa ku Norway analengeza kuti madzi a m'mwazi wa odwala nyamakazi yotupitsa zala, imene madotolo amati rheumatoid arthritis, amaundanitsa mwazi wa nkhosa wokonzedwa mwapadera. Harry Rose wa ku New York anapezanso comweco m'caka ca 1948. Cizindikiro cimeneci, ca dzina lakuti rheumatoid factor, cimapezeka mwa odwala ngati 7 pa 10 ali onse. Koma cimaonekanso mwa anthu ena odwala cifuwa cacikuru kapena malungo, ndi mwa nkhalamba zina zopanda nthenda. Cifukwa cace m'maiko athu ano, kumene malungo ali ambiri, dotolo wanzeru sacikhulupirira pa cokha. M'caka ca 1998 akatswiri a ku Nijmegen, m'dziko la Netherlands, analongosola cizindikiro cina, cimene lero cimapimidwa ndi dzina lakuti anti-CCP. Ici sicinama kawirikawiri, ndipo nthawi zina cimaoneka zaka zingapo mfundo zisanayambe kupweteka.

Mwa zizindikiro zobadwa nazo, comveka koposa ndico HLA-B27. M'caka ca 1973 madotolo a ku London ndi a ku Los Angeles anapeza kuti Azungu ngati 9 pa 10 odwala nthenda youmitsa msana, ya dzina lakuti ankylosing spondylitis, ali naco. Komabe Azungu ngati 8 pa 100 amabadwa naco, ndipo ocuruka a iwo amakalamba msana uli bwino. Cobadwa naco cimafanana ndi mbeu yogona m'nthaka: siimera popanda mvula. Pa nyamakazi ya m'zala, mvula imodzi yodziwika bwino ndiyo utsi wa fodya, umene umaonjeza ngozi kwambiri mwa iwo amene anatengera mbeuyo kwa makolo.

Pakati pa anthu a ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe HLA-B27 ndi cosowa ndithu. Koma m'zaka za m'ma 1990 madotolo a ku Lusaka anaona odwala ambiri otupa maondo ndi akakolo, opanda cizindikiroco, ndipo ocuruka a iwo anali ndi kacirombo ka HIV. Ici cinaonetsa kuti nthenda ikhoza kulowera khomo lina.

Tsono cizindikiro ndico mboni, si woweruza mlandu ai. Woweruza ndiye dotolo, amene amamva mau a wodwala, nagwira mfundo zace, nayang'ananso za m'mwazi. Munthu amene zala zace zatupa manja onse awiri kwa masabata angapo asangotema mphini ndi kudikira, koma apite ku cipatala msanga. Mankhwala monga methotrexate amaletsa mfundo kuonongeka akayambidwa m'miyezi yoyamba. Koma cala cikapindika, dzanja limene linali kugwira khasu ndi singano silibwereranso mwakale.