Kulemba imelo ya ntchito yomwe ingayankhidwe msanga

Pamene maphunziro a zilankhulo ziwiri ankayesedwa m'chigawo cha Tete pa ntchito ya PEBIMO, kuyambira 1993 mpaka 1997, mphunzitsi wofuna mabuku ankalemba kalata pamanja n'kupatsira munthu wopita ku vila. Masiku ano malipoti, mapempho a zipangizo ndi makalata oitanira ku maphunziro a aphunzitsi akudutsa kwambiri pa imelo. Amene amalandira amakhala ndi makalata ambiri, ndipo nthawi zina amawerengera pa foni. Imelo yosamveka imaikidwa pambali, kenako ana amatha trimestre yonse akuwerengera buku limodzi anayi anayi.

Yambani ndi mzere wa mutu, womwe pa Chipwitikizi umalembedwa kuti Assunto. Musausiye wopanda kanthu, komanso musangolemba mawu amodzi monga "Pedido". Lembani chimene mukupempha, kalasi yake ndi dzina la sukulu. Wolandira akadzaifuna patapita miyezi iwiri adzaipeza mosavuta.

Sankhani chilankhulo poganizira wowerenga. Kalata yopita ku SDEJT kapena ku INDE ilembedwe m'Chipwitikizi, popeza ndicho chilankhulo cha boma. Yambani ndi "Exmo. Senhor" kapena "Exma. Senhora" ndi udindo wa munthuyo, ndipo tsirizani ndi "Com os melhores cumprimentos". Kwa aphunzitsi anzanu a mu ZIP, lembani m'Chinyanja mopanda manyazi, ndi ulemu womwe timaphunzitsa ana: "inu" osati "iwe". Kumbukirani kuti foni yoikidwa pa Chipwitikizi imasintha yokha mawu a Chinyanja, choncho werenganinso mzere uliwonse musanatumize.

Kwathu munthu safika pakhomo n'kuyamba ndi pempho. Amapereka moni, amafunsa za ana ndi za mvula. Pa imelo moni ukhalepo, koma wa mzere umodzi. Chiganizo chotsatira chinene kuti ndinu ndani, mumaphunzitsa kuti ndiponso kalasi iti. Chachitatu chinene chimene mukufuna. Tayerekezani zitsanzo ziwiri izi. Wina walemba kuti, "Tili ndi vuto lalikulu la mabuku, chonde tithandizeni." Wina walemba kuti, "Kalasi yachiwiri ili ndi ana 58 koma mabuku a Chinyanja alipo 15. Tikupempha ena 43 sabata yoyamba ya mwezi wa mawa isanathe." Wachiwiriyu wapereka nambala ndi nthawi, ndiye wolandira akudziwa choti achite. Imelo imodzi ikhale ndi nkhani imodzi. Mukasakaniza za mabuku, za malipiro ndi za denga lodontha, mudzayankhidwa chimodzi chokha.

Ngati mukutumiza lipoti, lisandutseni PDF kuti lisasokonezeke potsegula, ndipo mulipatse dzina lomveka lokhala ndi sukulu ndi mwezi. Zithunzi zichepetseni kukula, chifukwa mnzanu wa kumudzi amagula intaneti ndi ndalama za m'thumba mwake. Nenani m'kalatamo kuti mwaikamo chiyani, kenako onetsetsani kuti mwaikadi.

Samalani ndi omwe akulandira. Pa Para ikani munthu woyenera kuyankha. Pa Cc ikani wofunika kungodziwa, monga mkulu wa sukulu yanu, yemwe ayenera kumva nkhaniyo isanatuluke pasukulu. Musadine "Responder a todos" ngati yankho lanu likukhudza munthu mmodzi. Mayina a ana, malikisi awo ndi zithunzi zawo zipite kwa oyenera kuziona basi, pakuti imelo ikachoka simungaibwezenso.

Pa chifukwa chomwecho, musalembe mtima uli m'mwamba. Ngati pempho lanu lachedwa, isungeni kalatayo mpaka m'mawa, muiwerengenso, muchotsemo mawu olasa. Zilembo zazikulu zokhazokha zimaoneka ngati mukukalipa, ndipo zidule ndi tizithunzi ta pa WhatsApp zisiyeni komweko.

Pomaliza lembani dzina lanu lonse, udindo, sukulu ndi nambala ya foni. Adiresi yanu ya imelo ikhalenso ya dzina lanu lenileni, osati lopeka la paubwana. Pakatha sabata osayankhidwa, kumbutsani mwaulemu pansi pa kalata yoyamba ija, kuti wolandira aone tsiku limene munapempha.