Mayina a kwa Mlolo Akudikira Owawerenga

M'mwezi wa Marichi 2020, anthu a ku Britain atabindikiritsidwa m'nyumba ndi mliri wa Covid-19, katswiri wa zanyengo Ed Hawkins wa pa yunivesite ya Reading anaika pa intaneti zithunzi za mapepala akale pafupifupi 66,000. Pamapepalapo panali miyezo ya mvula, yolembedwa pamanja ndi anthu amene anatsikira kulichete kalekale. Iye anapempha aliyense amene ali ndi mpata kuti athandize kukopera. Anthu 16,000 anadzipereka, ndipo pomatha masiku 16 anali atataipa manambala oposa 5 miliyoni. Palibe analandirapo ngakhale ngwee.

Kagwiridwe kake n'kosavuta. Munthu amatsegula tsamba ngati la Zooniverse, pomwe ntchito ya mvulayi inachitikira, n'kuona chithunzi cha pepala mbali ino, mpata wotaipamo mbali inayo. Pepala lomwelo limapatsidwanso kwa anthu ena angapo osadziwana, kuti wina akaphonya, anzake amugwire. Chonsecho n'chifukwa chakuti chithunzi pachokha sichiyankha: ukafunsa kompyuta kuti ikupezere dzina la agogo ako m'zithunzi 10,000 za zolemba pamanja, imangoti kakasi, kapena kulota zake. Mawuwo akataipidwa, dzinalo limatuluka m'kuphethira kwa diso.

Nanga za ku Britain zikumukhudza bwanji mlimi wa kwa Mlolo, m'boma la Chadiza?

Zikumukhudza chifukwa nayenso analembedwa. Kuyambira nthawi imene Fort Jameson, yomwe lero ndi Chipata, inali likulu la North-Eastern Rhodesia, mabwana a boma ankasunga mabuku otchedwa District Notebooks. M'menemo ankalembamo mibadwo ya mafumu, mayina a midzi ndi nyakwawa zake, za msonkho, malire, njala ndi miliri. Bwana akasamutsidwa, wolowa m'malo ankapitiriza pomwe mnzake analekezera, aliyense ndi kalembedwe kake, ena mokhotakhota ngati mapazi a nkhuku pamatope. Mabukuwa ali ku National Archives of Zambia ku Lusaka, ndipo mpaka lero anthu amakawavundukula pakabuka mkangano wa ufumu kapena wa malire.

Amishoni nawo sanagone. A mpingo wa Dutch Reformed anafika pa Magwero mu 1899, pa Madzimoyo mu 1903, kenaka pa Nsadzu, m'dera lomweli la Chadiza, mu 1908. Kumene kunali mishoni kunali kaundula wa obatizidwa, okwatitsidwa ndi ana a sukulu. Palinso mapepala a chipani cha UNIP, amene anajambulidwa ndi thandizo la Endangered Archives Programme ya British Library, ndipo tsopano munthu atha kuwaona pa intaneti ali khale pakhonde pake.

Pokopera mapepala ngati amenewa m'pamene mwana wa kwa Mlolo aposera pulofesa wa kunja. Olemba aja ankalemba mayina monga khutu lawo linamvera. Mpwitikizi Antonio Gamitto, amene anadutsa m'dziko la Amaravi mu 1831 pochokera ku Tete kupita kwa Kazembe, analemba Undi kuti "Unde", Achewa kuti "Chevas". Angerezi ambiri ankalemba Mpezeni kuti "Mpeseni". Amenewa ndi mayina otchuka, osavuta kuwazindikira. Koma taganizani za kamudzi ka nyumba khumi, kolembedwa ndi inki yofwifwa, zilembo ziwiri zitadyedwa ndi chiswe. Wa ku London angoikapo chizindikiro cha funso n'kupitirira. Wokulira konkuno aona zilembo zotsalazo n'kudziwa kuti awa ndi a Phiri, awa a Banda, mtsinje uwu ndi uja amawoloka popita kumsika. Amadziwanso kuti pa Chichewa ufumu umatsata kuchikazi, choncho bwana akalemba "mwana wake" pamene akunena za mwana wa mlongo wake wa mfumu, iye amaona msanga kuti womasulira ndi wolemba sanamvane.

Komabe wokopera saloledwa kukonza. Lamulo la ntchitoyi n'lakuti utaipe zimene zili papepala, ngakhale zolakwika, ndipo zimene ukudziwa iwe uziike padera, pa malo a ndemanga. Lamuloli n'labwino. Mabuku a boma si Baibulo. Analembedwa ndi anthu okhometsa msonkho, kudzera mwa mesenjala ndi womasulira amene nawonso anali ndi abale awo. Kuwasiya monga alili kumathandiza kuti mawa wina adzaone pomwe anapotoza, n'kukafunsa akuluakulu amene amasunga mbiri pamtima.

Zopinga zilipo, ndipo n'zosabisika. Chithunzi cha pepala lakale chimadya bandulo, netiweki kumidzi imabwera modukizadukiza, ndiye kuwerenga zolemba zopendekeka pa kafoni kakang'ono kumawawitsa maso. Zolemba zambiri za amishoni a Dutch zili m'Chidatchi ndi Chiafirikansi, za Abambo Oyera m'Chifalansa. Koma kaundula wa ubatizo safuna chilankhulo chambiri: muli dzina, mudzi, tsiku, ndi mayina a makolo. Mphunzitsi mmodzi wokhala ndi laputopu, agogo ali pambali kumuuza kuti mudzi wakutiwo unasamuka liti ndipo unapita kuti, angamalize masamba angapo dzuwa lisanalowe.