Awiri kapena 45? Mmene ofufuza anawerengera njoka za m'mimba ku Petauke

M'chaka cha 2012, akatswiri otsogozedwa ndi Kabemba Mwape wa pa University of Zambia anasindikiza zotsatira za kafukufuku amene anachita m'midzi ya ku Petauke. Ankafufuza njoka ya m'mimba yotchedwa Taenia solium, imene munthu amaitenga akadya nyama ya nkhumba ya masese yosapsa bwino. Mazira a njokayi amatuluka ndi chimbudzi. Munthu akawameza, timasese timatha kukamera mu ubongo n'kumuyambitsa khunyu.

Anthu oposa 700 anapereka chimbudzi chawo. Ataunika ndi maikulosikopu, mazira anapezeka mwa awiri okha. Atagwiritsa ntchito njira ya ELISA, imene imagwira timadzi tochokera m'thupi la njokayo, opezeka nayo anafika 45, kutanthauza anthu 6 mwa 100 alionse. Midzi ndi yomweyo, anthu ndi omwewo. Nanga chiwerengero choona ndi chiti?

Palibe amene ananama. Njoka siitulutsa mazira tsiku lililonse, choncho maikulosikopu imaphonya odwala ambiri. ELISA siphonya kwambiri, koma nthawi zina imaloza munthu amene alibe njokayo, komanso siisiyanitsa bwino njoka ya ku nkhumba ndi inzake ya ku ng'ombe, Taenia saginata. Ngakhale mutayeza anthu miyandamiyanda, ngati chida chili ndi chilema, chilemacho chimalowa m'chiwerengero chonse.

Vuto lachiwiri ndi lamwayi chabe. Wogula chimanga amapisa dzanja m'thumba n'kuweruza thumba lonse ndi njere zimene watapa; akapisanso, anankafumbwe amene awapeze sangafanane ndendende ndi oyamba aja. Ofufuza akanasankha anthu ena 700 m'midzi yomweyo, mwina akanapeza 38, mwina 52. N'chifukwa chake amapereka malire awiri, wapansi ndi wapamwamba. Masamu akusonyeza kuti 45 mwa anthu pafupifupi 700 zikutanthauza kuti zenizeni zili cha pakati pa 4 ndi 8 mwa 100 alionse. Malirewa amatalikirana kwambiri oyezedwa akakhala a pakhomo limodzi, poti odyera mbale imodzi amagawananso matenda. Ndipo kuti mpatawo uchepe ndi theka, pafunika kuyeza anthu ochuluka kanayi, osati kawiri. Apa m'pamene ndalama za kafukufuku zimathera.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi anthu amene sawerengedwa n'komwe. Kupereka chimbudzi kwa mlendo si nkhani yapafupi. Kafukufuku wina wa ku Petauke komweko, wosindikizidwa mu 2015, anapeza kuti abambo ambiri amapewa chimbudzi cha pakhomo poopa kuonedwa ndi apongozi kapena ana awo. Munthu wamanyazi otero angabweze kabotolo kopanda kanthu. Wina ofufuza amam'peza atapita kudimba kapena kumsika. Ngati osowawo ndi amene amadya kwambiri nyama yootcha pamalo omwera mowa, chiwerengero chimatsika popanda wozindikira, ndipo masamu a malire aja sangachikonze.

Ku Nyimba nkhani yofanana inaonekera pa malungo. Kuyambira mu 2011, m'maboma a Nyimba ndi Luangwa, gulu la Busiku Hamainza wa ku National Malaria Control Centre linkatumiza alangizi azaumoyo a m'midzi khomo ndi khomo mwezi uliwonse kukayeza magazi. Anapeza anthu ambiri okhala ndi tizilombo ta malungo amene sankapita kukafuna thandizo. Kaundula wa kuchipatala amangolemba amene afika pakhomo pake. Wa kutali, kapena amene thupi likungomuwawa pang'ono, salembedwa. Komabe kachida koyezera malungo mwachangu nako kamatha kuonetsa mizere iwiri kwa milungu ingapo munthu atachira kale.

Choncho mukamva pa wailesi kuti matenda atsika kuchoka pa 6 kufika pa 5 mwa 100, musafulumire kuomba m'manja kapena kunyoza. Funsani kuti anayeza anthu angati, anawasankha bwanji, ndi chida chanji, ndipo anakana ndi angati. Pa anthu 700, kusiyana kwa mmodzi pa 100 kungabwere ndi mwayi wokha, matenda asanasinthe n'komwe.