Mbaula Yadothi ndi Chisanu cha ku Ntchisi

Dzuwa likangopendeka m'mwezi wa Juni kapena wa Julayi, munthu wokhala m'mapiri a ku Ntchisi ndi ku Dowa sachita kuuzidwa kuti nyengo yasintha. Mphepo ya mwera imayamba kuomba, nkhungu imatsika kuchokera m'nkhalango ya pa phiri la Ntchisi nkuphimba midzi, ndipo ana amene anali kusewera pabwalo amathamangira kumene kukufuka utsi. Pa boma la Ntchisi, pa Malomo, pa Mponela, ndiponso m'midzi ya kwa Nthondo ndi kwa Kalumo, nsima yamadzulo ikaphulidwa mbaula siizimitsidwa ayi. Imasendezedwa pakhonde kapena pakati pa bwalo, banja lonse nkuizungulira, wina akukazinga chimanga, wina akuotcha mbatata, agogo akuyamba nthano.

Mbaula imeneyi ndi bwenzi la aliyense m'nyengo yachisanu, koma ili ndi malamulo ake amene munthu sawaphwanya kawiri. Chaka ndi chaka miyezi yozizira ikafika, zipatala za m'dziko muno zimalandira ana ambiri opsa ndi moto, ndipo pamamvekanso za anthu amene anagona ndi mbaula m'nyumba osadzukanso. Ngozi zoterezi sizichokera kumatsenga. Zimachokera ku zinthu zitatu zimene munthu angathe kuzidziwa: khalidwe la dothi, malo oyenera moto, ndi mpweya umene makala amatulutsa.

Kumene inachokera

Makolo ankaphika pa mafuwa atatu ndi kuotha moto wa chikuni. Pambuyo pake kunabwera mbaula yachitsulo ya makala, imene amisiri amakhoma ndi malata m'misika. Mbaula yadothi yotchedwa Chitetezo inayamba kuumbidwa ku Mulanje kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, pa ntchito yachitukuko imene inkathandizidwa ndi dziko la Germany. Iyo ndi youmbidwa ndi dongo ngati mphika nkuotchedwa mu uvuni. Ili ndi khomo m'mbali lolowetsera nkhuni, timitu pamwamba tokhazikapo mphika, ndi zogwirira ziwiri. Popeza moto umatsekeredwa m'kati mwa dothi, mphepo siumwaza, ndipo nkhuni zochepa zimapsetsa chakudya chimene pa mafuwa chikadatha mtolo. M'chaka cha 2013 boma linalonjeza kuti pofika 2020 mbaula zosamala nkhuni zokwana 2 miliyoni zikhale zitafika m'makomo, ndipo kuchokera nthawi imeneyo mbaulayi inawanda m'maboma ambiri.

Nzeru yosungira moto m'chiwiya chadothi si ya kuno kokha. Ku Mexico anthu akhala akuumba kuyambira kale chiwiya chotchedwa chiminea, chimene mimba yake ndi yofufuma ngati mtsuko, chili ndi khomo kutsogolo ndi khosi lalitali lotulutsira utsi. Masiku ano chimagulidwa ku Ulaya ndi ku America, kumene anthu amachiika kuseri kwa nyumba nkumaothera moto panja. Malangizo amene ogulawo amapatsidwa ngofanana ndi amene mayi woumba mbiya wa ku Ntchisi angapereke: kuyamba ndi moto waung'ono, kuchiteteza ku mvula, kusachithira madzi chikatentha, ndi kusachilowetsa m'nyumba. Dothi ndi moto sizisintha khalidwe chifukwa cha dziko.

Khalidwe la dothi

Dothi loumba, ngakhale litaotchedwa bwino, lili ndi timibowo tosaoneka ndi maso timene timamwa madzi. Mbaula ikagona pa mame kapena ikanyowa ndi mvula, madzi amabisala m'timibowomo. Tsono moto waukulu ukasonkhedwa mwadzidzidzi, madzi aja amasanduka nthunzi, ndipo nthunzi imafuna malo aakulu kuposa madzi koposa ka 1,500. Ikasowa potulukira imang'amba dothilo. Nchifukwa chake mbaula iyenera kugona pouma, ndipo ikanyowa iyenera kuumitsidwa kaye masiku angapo isanaonenso moto.

Chinanso nchakuti dothi limafutukuka likatentha ndipo limabwerera likazizira. Kusinthaku kukachitika pang'onopang'ono palibe choopsa, koma mbali imodzi ikazizira msanga ina ili chitenthere, pakati pake pamabadwa mng'alu. Munthu wothira madzi pa mbaula yotentha kuti azimitse moto mwachangu ndiye akuiswa ndi manja ake. Njira yabwino ndiyo kusolola zikuni nkuzizimitsira pansi, makala otsala nkuwakwirira ndi mchenga kapena phulusa lozizira. Mbaula yatsopano nayo siyenera kuyambira pa nkhali ya thobwa. Masiku oyamba ifunika timoto ting'onoting'ono ta tizitsotso ndi zitsononkho, kuti dothi lizolowere. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono nkudekha, ndipo amayi oumba amadziwa zimenezi, pakuti mphika wauwisi amauumitsa pamthunzi kwa masiku ambiri, osati padzuwa.

Timing'alu tating'ono ngati tsitsi sitiletsa ntchito, ndipo tingathe kumatidwa ndi dongo. Koma mng'alu wochokera pakhomo kufika pamwamba, kapena kamutu kokhazikapo mphika kakabenthuka, ndiye kuti mbaulayo yatha ntchito. Kuiumirira nkuika mphika wa phala lowira pa chinthu chimene chingagamuke nthawi ili yonse ana ali pafupi. Ponyamula, munthu agwire zogwirira zonse ziwiri, ndipo anyamule mbaula itazizira. Phulusa ladzulo lichotsedwe moto usanakolezedwe, pakuti likadzaza limatseka njira ya mpweya ndipo moto umangofuka.

Malo oyenera moto

Miyezi yozizira ndiyonso miyezi imene udzu wauma ndipo mphepo ili ndi mphamvu. Mbaliwali imodzi yokha ingathe kumaliza ntchito ya chaka chonse. Motero mbaula ikhazikidwe pamalo athyathyathya ndi osesedwa, pamtunda wosachepera mamita 3 kuchokera ku denga laudzu, mpanda, nkhokwe, mulu wa mapesi kapena chigafa cha fodya. Mwera ukakula, moto uchepetsedwe, ndipo chidebe cha mchenga kapena cha madzi chikhale pafupi chothandizira ngati udzu wagwira.

Nkhuni zikhale zouma ndi zowazidwa, ziwiri kapena zitatu basi. Zauwisi zimachulukitsa utsi umene umawononga maso ndi mapapo. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linawerengera kuti m'chaka cha 2020 anthu pafupifupi 3.2 miliyoni anafa ndi matenda obwera chifukwa cha utsi wa m'makomo. Chizolowezi choyatsira moto majumbo ndi zidutswa za pulasitiki ncholakwika, chifukwa utsi wake ndi wapoizoni ndipo pulasitiki yosungunuka ikadonthera pakhungu imakanirira. Parafini kapena petulo asathiridwe konse pa makala amene ayamba kale kuyaka, pakuti lawi limakwera ndi mafutawo mpaka kukafika m'botolo limene lili m'manja.

Kusamala nkhuni kulinso ndi phindu lina kwa anthu a ku Ntchisi, amene pa kalembera wa 2018 anapezeka kuti ngoposa 317,000. Nkhalango ya pa phiri lawo ndi imodzi mwa nkhalango zowirira zachilengedwe zochepa zimene zatsala m'chigawo chapakati, ndipo mitsinje imene midzi imamwa imachokera kumeneko. Lamulo la nkhalango la 1997 limaletsa kuotcha makala popanda chilolezo. Mbaula yosamalidwa bwino, yodya mapesi a nandolo, zitsononkho ndi nthambi za mitengo yodzala, imachepetsa maulendo a nkhwangwa opita kuphiri.

Mdani wosaoneka

Choopsa kwambiri pa zonse ndi chimene maso sachiona. Makala akamayaka pamene pali mpweya wokwanira, amatulutsa mpweya wotchedwa carbon dioxide. Koma mpweya wabwino ukachepa, monga zimakhalira m'chipinda chotseka, amatulutsa wochuluka wa mtundu wina wotchedwa carbon monoxide. Umenewu ulibe mtundu, ulibe fungo, ndipo sutsokomoletsa. Pa iwo ndi pamene mwambi wakuti tsoka silinunkha umakwaniritsidwa kwenikweni.

M'magazi a munthu muli chinthu chofiira chotchedwa haemoglobin, chimene ntchito yake ndi kunyamula okosijeni kuchokera m'mapapo kupita ku ubongo, ku mtima ndi ku ziwalo zonse. Carbon monoxide amakanirira ku haemoglobin mwamphamvu kuposa okosijeni koposa ka 200. Motero munthu amapuma ndithu, chifuwa chikukwera ndi kutsika, koma magazi ake sakunyamulanso chimene thupi likufuna. Poyamba mutu umawawa, kenaka pamabwera chizungulire, nseru, kufooka kwa miyendo ndi tulo tolemera. Munthu wogona kale samva chili chonse mwa zimenezi. Ana aang'ono, amayi apakati, okalamba ndi odwala mtima ndiwo amagonja msanga.

Pali chikhulupiriro chofala chakuti makala akafiira bwinobwino, utsi nkutha, ndiye kuti mbaula ingathe kulowa m'nyumba popanda vuto. Chikhulupiriro chimenechi chapha anthu. Utsi ndi chinthu china, carbon monoxide ndi chinthu chinanso, ndipo makala ofiira opanda utsi amapitirira kumutulutsa mpaka atasanduka phulusa. Ena amanena kuti makolo ankagona ndi moto m'nyumba koma sankafa. Nzoona kuti nyumba zakale zaudzu zinali ndi mipata pansi pa denga ndi pa chitseko imene inkatulutsa mpweya, ngakhale utsi unkawadwalitsabe. Nyumba ya njerwa ndi simenti, ya mawindo agalasi ndi chitseko chothina, imasunga mpweya woipawo ngati botolo. Chitukuko cha nyumba chafika, koma chizolowezi cha moto chatsalira pa nyumba zakale.

Amene ali pa ngozi yaikulu ngodziwika. Pali ophunzira amene amachita lendi tizipinda pafupi ndi masukulu a sekondale oyendera, amene amawerenga usiku kukonzekera mayeso chitseko ndi windo zili zotseka kuopa chisanu. Pali alonda m'tinyumba tawo, achinyamata ogona m'magolosale, ndiponso mayi amene ali m'chikuta, amene achibale amamuikira mbaula pofuna kuti khanda lifunde. Onsewa lamulo lake ndi limodzi: mbaula yamoto isagone m'chipinda mmene muli munthu. Kuphika kuchitikire panja kapena m'khitchini yolowa mphepo, ndipo nthawi yogona ikakwana, chofunda chigwire ntchito imene moto unali kugwira.

Munthu akapezeka atalefuka kapena atakomoka m'chipinda mmene muli mbaula, chitseko ndi mawindo zitsegulidwe, iye atulutsidwire panja nthawi yomweyo, agonekedwe chammbali, ndipo atengeredwe kuchipatala msanga kumene angapatsidwe okosijeni. Mkaka sutsuka mpweya umenewu m'magazi, ndipo kumwetsa munthu wokomoka chili chonse kungathe kumutsamwitsa. Ngakhale atatsitsimuka, ayenera kukaonedwabe ndi achipatala.

Ana ndi odwala khunyu

Mbaula yadothi imasunga kutentha nthawi yaitali moto utazima, ndipo mwana wokwawa sadziwa zimenezi. Mwana asasiyidwe yekha pa mbaula, kapena kusiyiridwa mwana mnzake kuti amuyang'anire. Zovala za nayiloni ndi zitenje zolendewera zimagwira moto msanga. Zikagwira, munthu asathamange, chifukwa mphepo imakuza lawi. Agwe pansi, agubuduke, ndipo anzake amufunditse bulangeti kapena thumba lonyowa.

Odwala khunyu ayenera kukhala patali ndi moto, ndipo asaothe kapena kuphika ali okha. Ambiri a iwo apsa koopsa chifukwa anthu amene analipo anaopa kuwagwira, poganiza kuti matendawa amapatsirana kudzera m'malovu kapena m'mpweya wa wodwalayo. Khunyu ndi matenda a mu ubongo ndipo sapatsirana mwa njira ili yonse. Wogwera pamoto akokedwe nthawi yomweyo.

Popsa pathiridwe madzi oyera ozizira kwa mphindi 20, kenaka paphimbidwe ndi nsalu yochapa bwino. Mazira, mankhwala otsukira mano, mafuta ophikira, dothi ndi phulusa zimangolowetsa tizilombo m'bala. Matuza asaphulitsidwe. Bala loposa chikhatho cha wopsayo, bala la kumaso, m'manja kapena kumalo obisika, ndiponso bala lili lonse lalikulu la mwana, lifunika chipatala tsiku lomwelo. Chipatala cha boma cha Ntchisi chimalandira odwala otere, ndipo opsa kwambiri amatumizidwa ku chipatala chachikulu cha Kamuzu ku Lilongwe.

Udindo wa ophunzira

Zonsezi zili m'mabuku a sayansi a ku sekondale, koma kawirikawiri zimathera pa pepala la mayeso. Mphunzitsi amene amalemba pa bolodi za kayakidwe ka makala angachite bwino kufunsa ophunzira ake kuti ndi angati amene anagona ndi mbaula usiku wathawo, ndi angati amene anadzuka mutu ukuwawa. Nayenso mnyamata kapena mtsikana amene wamaliza sukulu nkubwerera kumudzi ali ndi ngongole kwa makolo amene anamulipirira fizi, ndipo mbali ina ya ngongoleyo ndi kuwafotokozera mwaulemu chifukwa chake makala ofiira sayenera kulowa kuchipinda cha agogo.

Nthano zikatha ndipo ana ayamba kusinza, pamatsala ntchito yaing'ono ya munthu mmodzi wamkulu. Asolole zikuni, akwirire makala, aonetsetse kuti phulusa silinatayidwe kudzala la pafupi ndi mpanda, pakuti khala lobisala m'phulusa limatha kukhala lamoyo mpaka m'mawa. Mbaula ikazizira aiike pouma, pamene mame sangaipeze, ndipo akatero atseke chitseko.