Cala cimodzi pa Wimbledon: tsiku lomwe masapota a Federer anasekelela msanga

Pa Sondo, pa 14 July 2019, mdima utagwa kale kuno ku Lusaka koma ku London kukali kowala, Roger Federer anaima kumapeto kwa bwalo la Centre Court ku Wimbledon ali ndi kampira kacikasu m'manja. Bolodi inali kuonetsa 8-7 mu seti yomaliza, ndipo m'gemu imeneyo anali patsogolo 40-15. Kwa amene sadziwa tenisi, tanthauzo lake n'lakuti anatsala ndi poyinti imodzi cabe kuti anyamule cikho, ndipo anali ndi mipata iwiri yoipezera. Anthu pafupifupi 15,000 m'bwalomo anali kukuwa, ambiri ataimirira. Makamera anagwira mai wina pakati pa gulu atakweza cala cimodzi m'mwamba, kuuza dziko lonse kuti yatsala imodzi.

Poyinti imeneyo sinabwere. Mpaka lero cithunzi ca cala cija cimazungulira m'mafoni nthawi iliyonse timu yomwe inali patsogolo ikagwa pamapeto.

Masewera opanda wochi

Ise a m'tauni tinakulira pa bola, ndipo bola inatiphunzitsa kusapota ndi diso limodzi pa wochi. Timu yanu ikatsogola 1-0 pa mphindi 85, mumadziwa zocita: goloboi agone pansi ndi mpira, wosewera wocoka ayende monga nkhalamba yopita ku cipatala, masapota ayambe kuimba mluzu kukumbutsa lefu kuti nthawi yasila. Wochi imakugwirirani nchito.

Mu tenisi mulibe zimenezo. Mapoyinti amawerengedwa 15, 30, 40, kenaka gemu. Magemu 6 ndiye seti, ndipo pa mipikisano ikuluikulu ya amuna wopambana ndi amene watenga maseti atatu mwa asanu. Palibe mluzu womaliza, palibe kubisa mpira pa kona. Kaya uli patsogolo bwanji, poyinti yomaliza uyenera kuiwina wekha, mdani wako ali maso kutsidya kwa neti. Ndiye cifukwa cake sapota wa tenisi amavutika mosiyana ndi wa bola. Alibe wochi yoyang'anapo, alibe lefu wom'pempha kuti amalize.

Cinanso n'cakuti saloledwa kukuwa pamene mtima wafuna. Pa Nkoloma kapena pa Heroes, ng'oma ndi mavuvuzela zimalira kuyambira poyamba mpaka pothera. Ku Wimbledon wosewera akayamba kugunditsa kampira pansi kuti aseve, woweruza amene amakhala pampando wautali amapempha anthu kukhala cete, ndipo bwalo lonse limati zii. Mumamva phokoso la laketi ndi nsapato pa udzu. Poyinti ikatha, phokoso limaphulika kwa masekondi angapo, kenaka zii kaciwiri. Ganizirani kumeza mau motero kwa maola pafupifupi asanu. Ni monga minibasi yodzaza yadutsa pa roadblock, aliyense wakhala phee, mukangopitirira nkhani zonse zabuka pamodzi.

Cifukwa ciani onse anali kwa Federer

Tsiku lija bwalo silinagawike pakati. Ambiri anali kwa Federer, ndipo sanabise. Anali ndi zaka 37, atatsala milungu yocepa kuti akwanitse 38, msinkhu umene osewera ambiri amakhala atapacika kale laketi. Anali atawina Wimbledon kasanu ndi katatu, ndi zikho 20 za Grand Slam zonse pamodzi. Pa Cisanu anali atagonjetsa Rafael Nadal mu semifainali. Anthu anadziwa kuti mwina aka n'komaliza kumuona mudala ameneyu pa fainali.

Novak Djokovic wa ku Serbia, wa zaka 32, ndiye anali nambala wani padziko lonse ndiponso mwini cikho wa caka cathaco. Koma ulemu umene anali kulandira unali wa m'manja cabe, mtima wa gulu unali kwina. Federer akawina poyinti, denga linali kugwedezeka. Djokovic akaphonya sevu, ena anali kuomba m'manja, cinthu cimene ku Wimbledon amati n'kupanda mwambo.

Kuno kwathu nakonso Federer sanali mlendo. Amai ake, a Lynette, ndi a ku South Africa, ndipo bungwe lake la Roger Federer Foundation limathandiza maphunziro a ana aang'ono m'maiko a kuno kum'mwera kwa Africa, kuphatikizapo Zambia. Mu April 2018 anabwera yekha, anakumana ndi Pulezidenti Edgar Lungu, ndipo anakayendera masukulu ku Cigawo ca Kum'mawa. Tsono ngakhale munthu amene sadziwa kusiyana kwa gemu ndi seti anali ndi poyambira: uja anabwera kwathu ndiye wathu.

Rimoti imodzi, masewera awiri

Kwa openyerera a ku Lusaka, Sondo lija linali ndi vuto lakelake. Fainali inayamba ca m'ma 15 hours nthawi yathu. Pa 18 hours, ku Cairo, Senegal ndi Tunisia anali kuyamba semifainali ya Africa Cup of Nations, ndipo Algeria ndi Nigeria anali kubwera pambuyo pake usiku womwewo. Chipolopolo kunalibe ku mpikisano umenewo, koma bola ni bola. Fainali ya tenisi ikanakhala ya maola atatu, sipakanakhala mkangano. Koma pamene Sadio Mané ndi anzake anali kulowa m'bwalo, Federer ndi Djokovic anali akali kulimbana, ndipo seti yacisanu yokha inatenga maola awiri.

Aliyense amene anakhalapo m'bala kapena m'nyumba ya dikoda imodzi adziwa mmene nkhani zotere zimayendera. Wina akuti, “Cosaniko ivi va bazungu, tifuna bola.” Wina akuti, “Imani pang'ono bakamba, yasala pang'ono kusila.” Ndipo pamene tenisi imagwirira anthu ndi pomwepo. Munthu amene anabwera kudzaona bola amayamba ndi kufunsa kuti nanga 40 ibwera bwanji pambuyo pa 30. Pakapita mphindi khumi wasankha mbali. Pakapita theka la ola ndiye akuuza anzake kuti akhale cete, ngati kuti wosewera ku London angamve phokoso la ku Kabwata.

Mipata iwiri

Maseti anai oyamba anagawana. Djokovic anatenga yoyamba ndi yacitatu, zonse pa tie-break. Federer anatenga yaciwiri 6-1 ndi yacinai 6-4. Mu seti yacisanu Djokovic anatsogola 4-2, Federer n'kubweza. Pa 7-7 Federer anathyola sevu ya Djokovic, ndipo bwalo linapenga. Anamenya ma ace awiri otsatizana, mipira yoti mdani sanaikhudze n'komwe, kufika pa 40-15. Apa m'pamene cala cija cinakwezedwa.

Mpata woyamba, Federer anamenya mpira n'kugwera kunja kwa mzere. Gulu linabuula, koma linadzitonthoza kuti watsala wina. Mpata waciwiri, anathamangira pa neti kuti amalize, Djokovic n'kumudutsitsa mpira pambali mopingasa bwalo. Mapoyinti awiri otsatira anapitanso kwa Djokovic. Bolodi inati 8-8. M'mphindi zosakwana zitatu, anthu amene anali atakonzeka kujambula cikho ndi mafoni anakhala pansi, manja kumutu. Mkazi wa Federer, Mirka, anaoneka pa kanema atabisa nkhope m'manja.

Okumbukira bwino anamva kuzizira kwina m'mimba, cifukwa izi zinacitikapo. Pa semifainali ya US Open mu 2010, Djokovic anapulumuka mipata iwiri yotere kwa Federer n'kuwina. Mu 2011, pa bwalo lomwelo ku New York, Federer anasevanso ali 40-15 kuti amalize, n'kuluza.

Mzambia safunika kumufotokozera ululu umenewu. Pa 12 February 2012 ku Libreville, Kennedy Mweene atachinga penoti ya Kolo Touré, Rainford Kalaba anapita pa mpira cikho cili pa phazi lake, n'kuumenya pamwamba pa goli. Kumbukirani mmene nyumba zinakhalira cete kuyambira ku Matero mpaka ku Chipata. Ife tinali ndi mwai, Gervinho anaphonyanso, Stoppila Sunzu n'kumaliza nchito, 8-7. Masapota a Federer anafika pa 8-7 yao, koma Sunzu wao sanabwere.

Munthu mmodzi, gulu lonse

Atafika 12-12, anasewera tie-break, lamulo limene Wimbledon inali itangoyamba caka comweco pofuna kuletsa maseti omaliza osatha. Djokovic anaitenga 7-3. Poyinti yothera inali yomvetsa cisoni: mpira unagunda m'mphepete mwa laketi ya Federer n'kuulukira m'mwamba kwa anthu. Masewera anatenga maola 4 ndi mphindi 57, fainali yaitali kuposa zonse m'mbiri ya Wimbledon, kupitirira ya Nadal ndi Federer ya mu 2008.

Djokovic sanadzigwetse pansi kapena kukuwa. Anayenda pang'onopang'ono kupita pa neti akumwetulira, anapatsana moni ndi Federer, kenaka anagwada, n'kubudula kaudzu ka pabwalo n'kudya, mwambo wake akawina pamenepo. Anthu anaomba m'manja, koma kunali kuomba kwa anthu amene abwera ku ukwati n'kupeza mkwati wina.

Pambuyo pake anauza atolankhani cinsinsi cake. Anati pamene gulu likuimba dzina la Roger, iye m'mutu mwake amamva ngati likuimba Novak. Anavomereza kuti zimamveka zopusa, koma amadzikakamiza kukhulupirira motero. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo manambala a tsikulo akucitira umboni. Federer anawina mapoyinti 218, Djokovic 204. Federer anawina magemu 36, Djokovic 32. Ma ace, Federer 25, Djokovic 10. Pafupifupi paliponse mudala anali pamwamba, kupatula pa ma tie-break atatu ndi pa mipata iwiri ija, pamene phokoso linali lalikulu kwambiri ndipo dzanja lofunika linali losanjenjemera. Panali patapita zaka 71 kucokera pamene mwamuna wina, Bob Falkenburg mu 1948, anawina fainali ya Wimbledon atapulumuka poyinti yom'cotsa.

Apa pali funso limene masapota sakonda kulimva. Kodi phokoso lija linathandiza Federer, kapena linamuonjezera katundu? Munthu akuseva pa 40-15 amamva anthu 15,000 atayamba kale cikondwerero cimene iye sanacimalize. Ni monga dalaiva ali pa Great East Road nthawi ya jamu, basi yonse ikumuuza kuti “pitani apa, mpata ulipo,” koma siteringi ili m'manja mwa munthu mmodzi, ndipo akagunda, onse aja adzatsika n'kukwera ina.

Zimene zinatayika

Wopambana analandira mapaundi 2.35 miliyoni, wogonja theka lake, koma ndalama sindizo zinaliza anthu. Federer akanatenga poyinti ija akanakhala ndi zikho 21 za Grand Slam, Djokovic 15. M'malo mwake zinakhala 20 kwa 16. Federer sanafikenso pa fainali ina ya Grand Slam. Bondo linam'vuta, anacitidwa maopaleshoni, ndipo anasiya kusewera mu September 2022 ku London. Djokovic anapitiriza mpaka kufika pa 24 mu 2023. Pabwalo tsiku lija, mtolankhani Sue Barker atamuuza Federer kuti anthu sadzaiwala masewerawo, iye anayankha moseka kuti adzayesetsa kuiwala.

Nkhani yotere inabweranso pa 8 June 2025 ku Paris, koma ulendo uno gulu linali kumbali ya wopulumuka. Pa fainali ya French Open, Jannik Sinner wa ku Italy anatenga maseti awiri oyamba, ndipo mu seti yacinai anali ndi mipata itatu yonyamulira cikho. Carlos Alcaraz wa ku Spain anaipulumuka yonse, anthu akuimba dzina lake, n'kuwina patapita maola 5 ndi mphindi 29. Sinner anakhala pampando wake ali phee, maso patsogolo. Koma iye anali ndi zaka 23. Patangopita milungu isanu anakumananso ndi Alcaraz pa fainali ya Wimbledon, pa Centre Court yomwe ija, n'kumugonjetsa. Wacinyamata ali ndi mawa lobwezera. Masapota a Federer mu 2019 anadziwa mumtima kuti wao alibe, ndiye cifukwa cake anakuwa msanga, ndiponso cifukwa cake cete wao unali wolemera conco.

Wimbledon imabwera caka ciliconse kumapeto kwa June mpaka pakati pa July, nthawi yathu ya mphepo, ndipo fainali ya amuna imakhala pa Sondo. Mukaipeza pa TV ya m'bala kapena kwa aneba, osafulumira kupempha rimoti. Funsani amene akhala pafupi kuti bolodi ikuti ciani, sankhani munthu wanu, ndipo akafika pa 40-15, manja akhale m'thumba mpaka woweruza alankhule.