Kodi Mumadziwa? Za Matebulo ndi Mipando Yogula kwa Ena

Kodi mumadziwa kuti tebulo lakale lija munagula pa Boma la Chadiza kwa aphunzitsi amene ankasamuka likhoza kukhala la mlombwa? Litembenuzeni muone kunsi, kumene vanishi sanafike. Thabwa likakhala lofiirira, la mizere yokhotakhota, musafulumire kulipaka penti. Mlombwa, umene ena amati mukwa, supindika wamba ukamauma. Mtima wake chiswe sichiukonda, koma mbali yoyera ya kunja imafumbwa msanga. Mukaona kaufa pansi pa mpando, dziwani kuti tizilombo tikadali m'kati.

Kodi mumadziwa kuti mu Novembala 2022, pamsonkhano wa CITES ku Panama, mlombwa ndi mbawa zinaikidwa m'gulu la mitengo yosaloledwa kutumizidwa kunja kwa dziko popanda chilolezo? Mukula unalowamo kale mu 2019. Zimandipweteka mtima kuona kabati ya mbawa itamizidwa mu penti wabuluu pamene mitengo yake ikutha m'tchire.

Kodi mumadziwa kuti nthawi zambiri tikamati vanishi watha, limakhala litsiro chabe? Utsi, thukuta, fumbi ndi polishi wakale zimaunjikana. Yambani ndi kansalu konyowa kofinya bwino ndi sopo pang'ono, n'kupukuta pomwepo kuti madzi asalowe. Sandipepa ndi wa pomalizira, zina zikakanika.

Nanga kuti dontho la sipiliti limakuuzani chimene anapaka? Yesani pamalo obisika. Pakanata, ndi shelaki, amene amachokera ku utomoni wa tizilombo tina ta ku India ndi ku Thailand, ndipo watsopano amagwirana ndi wakale popanda kupala. Pakapanda kusintha, si shelaki; mwina ndi vanishi.

Chizindikiro choyera chimene kapu yonyowa imasiya ndi chinyezi chotsekeredwa pamwamba pokha. Yalanipo nsalu youma, n'kudutsitsa simbi yofunda pang'ono mwachangu, kawirikawiri chimachoka. Chikakhala chakuda, madzi afika pathabwa penipeni, ndipo apo m'pofunika akalipentala.

Popala, tsatirani mizere ya thabwa, osaipingasa. Yambani ndi sandipepa wa nambala 120, mumalize ndi 220. Ngati pali penti wakalekale, palani panja mutatseka mphuno ndi pakamwa, ana ali kutali, chifukwa penti wina wakale ali ndi mtovu.

Kodi mumadziwa kuti mafuta ophikira sawalitsa mpando? Amanata, amanunkha, amakoka fumbi. Oyilo wakuda wa galimoto ndiye musayese n'komwe: sauma, amadetsa zovala, ndipo ndi woipa pakhungu. Chabwino tili nacho pafupi. Ofula njuchi kwa Mlolo, kwa Mwangala kapena kwa Zingalume asamataye phula. Lisungunuleni m'kachitini koika m'madzi otentha, lichotseni kutali ndi moto, thiranimo tepentaini, n'kutakasa. Pakani pang'ono, dikirani liume, kenako kwechani ndi nsalu yofewa mpaka pawale.

Vanishi sagwirizana ndi chinyezi cha dzinja kapena fumbi la mphepo ya mu Ogasiti. Pakani mopyapyala kawiri kapena katatu, m'nyumba mosesa bwino. Madilowa akamakanirira mvula ikagwa, musawaseme; thabwa langofufuma, pakani kandulo m'mbali mwake.

Chenjezo lalikulu: nsanza zonyowa ndi mafuta a linseed, amene ena amapaka pamipando, zikaunjikidwa pamodzi zimatentha zokha mpaka kuyaka. Ziyanikeni panja imodziimodzi, kapena zimizeni m'ndowa ya madzi, kutali ndi denga la udzu.