Apapa Ogwira Choko: Zinthu 7 Zimene Sitizimva pa Guwa

Tikamva za Papa timaona bambo wovala zoyera ataima pawindo ku Vatican, akudalitsa khamu. Koma angapo mwa Apapa anali aphunzitsi asanakhale pampando wa Petulo, ndipo ena khalidwe la m'kalasi silinawachoke.

1. Yunivesite imene Papa anaiyambitsa inakana Papa. La Sapienza ya ku Rome inakhazikitsidwa ndi Boniface VIII mu 1303. Mu Januwale 2008 akuluakulu ake anaitana Benedict XVI kuti adzalankhule potsegulira chaka cha maphunziro. Aphunzitsi 67 anasaina kalata yokana, ati mu 1990, ali kadinala, analankhula ngati akuikira kumbuyo mlandu umene Mpingo unazenga Galileo. Ophunzira ena anakadzaza mu ofesi ya mkulu wa yunivesite. Papa sanapite. Mawu ake anawerengedwa ndi pulofesa wina, ndipo nkhani yake inali yoti yunivesite isatope kufunafuna choonadi. Kaya okana aja anamvetsera, kaya.

2. Phunziro limodzi linautsa mapiri pachigwa. Pa 12 Seputembala 2006 Benedict yemweyo analankhula pa yunivesite ya Regensburg ku Germany, kumene anaphunzitsako kale. Mutu unali chikhulupiriro ndi nzeru za munthu, koma anatchulamo mawu owawa a mfumu Manuel II ya ku Byzantium onena za Chisilamu. Asilamu ambiri anakwiya. Iye anaiwala, ndikuganiza, kuti pulofesa akatchula mawu a wina amangolembedwa m'kope, koma Papa akatchula amamveka dziko lonse. Mu Novembala chaka chomwecho anakaima chete mu mzikiti wa Blue Mosque ku Istanbul.

3. John Paul II ophunzira ake ankamutchula kuti malume. Asanakhale Papa, ali Karol Wojtyła, anaphunzitsa za chikhalidwe chabwino pa yunivesite ya Katolika ya Lublin ku Poland kuyambira 1954. Boma la chikomyunizimu silinkafuna kuona wansembe akuyenda ndi achinyamata, choncho popita kumapiri ndi kunyanja iye ankavula mkanjo, anawo n'kumamuitana kuti Wujek, kutanthauza malume. Mafunso a chikondi, ukwati ndi cholinga cha moyo ankakambirana m'timabwato topalasa komanso pamoto usiku, ndipo zambiri mwa izo zinalowa m'buku lake la 1960 lonena za chikondi ndi udindo. Uthenga woti wasankhidwa kukhala episkopi mu 1958 unamupeza ali paulendo wotere. Anapita ku Warsaw, anavomera, kenako n'kubwerera kukapalasa bwato. Ndi malume ameneyu amene anafika ku Malawi ndi ku Zambia mu Meyi 1989.

4. Wansembe sanakondwe ndi changu cha Papa. Georges Lemaître, wansembe wa ku Belgium wophunzitsa sayansi ku Louvain, ananena mu 1927 kuti chilengedwe chikufutukuka, maganizo amene anabala chiphunzitso cha Big Bang. Mu 1951 Pius XII anakondwa nazo n'kulankhula ngati sayansi yatsimikiza nkhani ya kulenga. Lemaître mwini wake sizinamusangalatse. Kwa iye, kufunsa kuti dziko linayamba bwanji ndi kufunsa kuti tikukhaliranji ndi moyo anali mafunso awiri osiyana, osaphikidwa mumphika umodzi. Chaka chotsatira Papa analankhulanso kwa akatswiri a nyenyezi, koma zija sanazibwerezenso.

5. "Papa salakwa" sizitanthauza zimene ambiri amaganiza. Chiphunzitsochi chinalengezedwa mu 1870, ndipo chimakhudza nthawi yokhayo imene Papa akugamula mwapadera nkhani ya chikhulupiriro kapena chikhalidwe. Chiyambire pamenepo chagwira ntchito kamodzi kokha, mu 1950, pa nkhani ya kutengedwa kumwamba kwa Mayi Maria. Benedict XVI polemba buku lake lonena za Yesu mu 2007 anachita kuuza owerenga kuti ali ndi ufulu womutsutsa.

6. Asanakhale Papa, Francis anali mlonda wa pakhomo pa malo ovinira ku Buenos Aires, anagwiranso ntchito mu labotale. Akuphunzitsa mabuku kusekondale ku Santa Fe, mu 1965 anaitana wolemba wotchuka Jorge Luis Borges kuti adzacheze ndi anyamata ake. Leo XIV, amene anasankhidwa pa 8 Meyi 2025, digiri yake yoyamba ndi ya masamu.

7. Papa wodziwa masamu anamunamizira ufiti. Gerbert wa ku Aurillac anaphunzira ali mnyamata ku Spain, kumene nzeru za Aluya zinkafika, ndipo anakaphunzitsa ku Reims masamu, nyenyezi ndi nyimbo, akuwerengetsa ophunzira pa thabwa la tizidutswa tolembedwa manambala. Mu 999 anakhala Papa Sylvester II. Atamwalira mu 1003 mphekesera zinakula kuti nzeru zonsezo anazigula kwa Satana, ndiponso kuti anali ndi mutu wa mkuwa umene unkamuyankha mafunso. Mpaka lero ku tchalitchi cha Lateran ku Rome ena amati mwala wa manda ake umachita thukuta Papa akatsala pang'ono kumwalira.